Apongozi Pakhomo la Mankhwala

Nakayange sanapite kwa mwana wake kukafufuza za m'nyumba ya eni. Anapita kukathyola khofi, poti chaka chimenecho mitengo ya ku Misuku inabereka mpaka nthambi kugwada pansi, ndipo mwana wakeyo, Tina, anali ndi khanda la miyezi inayi kumsana. Koma tsiku lachiwiri m'mawa, akufuna singano yoti asokere thumba lobooka, anapisa dzanja m'chitini cha pamwamba pa kabati n'kutulutsa botolo la mankhwala. Munalibe ngakhale mbulu umodzi. Pansi pa botololo panali kabuku ka kuchipatala. Nakayange sukulu analekezera sitandade 5, koma tsiku lolembedwa ndi cholembera chofiira amaliwerenga bwinobwino. Tina anayenera kukatenga mankhwala ena pa 9 Juni. Apa n'kuti Julaye ali pakati.

Anatuluka nalo botololo mpaka kumunda, ndi nsapato zomwe osavala.

"Iwe Tina! Ichi n'chiyani?"

Tina anayang'ana botolo, anayang'ana amayi ake, kenako anabwerera ku nthambi yake n'kuyamba kupulula khofi wosapsa.

"Siya khofi wamuwisi uyo, akakubwezera kumakina. Ndikufunsa iwe."

"Anatha, amama."

"Zoti anatha ndaona ndekha, maso ndili nawo. Chithereni, Trust wabwera kangati?"

Tina anasiya nthambi ija. Khanda linayetsemula kumsana.

"Katatu."

Trust anali mwamuna wa Tina, wa njinga yamoto, wonyamula katundu wa anthu kupita naye kumalire a Tanzania. Kachilombo anali nako, ndipo pabanja ponse ankadziwa ndi anthu atatu okha: mwiniwake, Tina ndi Nakayange. Mankhwala ake ankakatengera kuboma pothawa maso a kwawo, ndipo kamwedwe kake kanali ka lero inde, mawa ndaiwala, mkuja ndawasiya m'jekete ina. Kondomu ankati ndi ya anthu osadziwana. Tina ndiye analibe. Anamuyeza ali woyembekezera, anamuyezanso atachira, ponse mzere umodzi. Ndiye achipatala anamupatsa mapiritsi a tsiku ndi tsiku oteteza munthu amene alibe, kuti kachilombo kakabwera kasapeze pokhala.

Nakayange kachilomboko sankachita kukamvera pawailesi. Kanamulanda mwamuna wake, Sosten Silungwe, munthu woti ankakwera phiri ndi matumba awiri a khofi, n'kumusiya mafupa okhaokha pamphasa. Kanamulanda mng'ono wake wa Tina asanayambe n'kukwawa komwe. Iye kanamusiyira mapiritsi a moyo wake wonse. Pakhomo lonselo amene kanamulambalala anali Tina yekha. Ndiye lero amve kuti mwana yemweyo, woyamwitsa, wakhala masabata asanu chitseko chili chotsegula?

"Unadwala? Miyendo inathyoka? Kapena chipatala anachisamutsira kumapiri a Mafinga?"

"Ndinapita, amama. Kawiri."

"Ndiye?"

Tina anatsitsa mawu ngati mitengo ya khofi ili ndi makutu. "Pakhomo paja pamakhala adada. Adada ake a Trust."



A Cornelius Msukwa, bambo ake a Trust, anali atapuma ntchito yolondera nkhalango ya Mughese, ndipo m'mwezi wa Meyi komiti ya chipatala inawaika pakhomo la chipinda cha mankhwala a kachilombo kuti aziimika anthu pamzere ndi kutolera timabuku. Nakayange mankhwala ake amatenga a miyezi isanu ndi umodzi, ndiye anali asanawaonepo pamenepo. Tsono kumapiri kuno mkazi wokwatiwa sayang'anizana ndi apongozi ake aamuna. Sawatchula dzina, sawapatsira chinthu m'manja, sadutsa pamaso pawo. Akakumana nawo panjira amalowa patchire n'kufunda chitenje kumutu mpaka apite. Tina anali atatha zaka ziwiri pabanja, koma apongozi akewo ankangowadziwira chipewa ndi kakhosomole.

Kawiri konse anayenda maola awiri kukwera ndi kutsika, mwana kumsana. Kawiri konse anafika pamabulugamu a kumunsi kwa chipatala, n'kuona chipewa chija chili pabenchi, pakhomo penipeni. Anadikira kuti mwina anyamuka. Dzuwa linafika paliwombo chipewa chili pompo, iye n'kubwerera.

"Ndikanatani, amama? Ndiwapatse kabuku m'manja? Atsegule awerenge? Nanga si ndinu munandilangiza kuti ndisadzayerekeze kuponda pamene pali iwo?"

Mawu amenewo anamulasa Nakayange chifukwa anali oona. Anamulangiza ndi iyeyo, ndi pakamwa pomwepo, masiku atatsala awiri kuti ukwati uchitike. Mkwiyo unasowa pogwera. Anamenya dengu la khofi ndi phazi, khofi n'kumwazika, kenako anagwada n'kuyamba kutola yekha.

"Mawa tikupita," anatero ali chiweramire. "Khofi adikira. Akafuna agwe."

Ananyamuka mame asanaume. Njira ya kuchipatala ndi ya mbuzi, yoterera ngakhale nthawi yachilimwe chifukwa nkhungu ya m'nkhalango siichoka msanga. Nakayange anali patsogolo, osatembenuka. Atawoloka mtsinje wachiwiri Tina anamugwira chitenje.

"Amama, chonde, za Trust musakawauze. Akadzamva kuti zachokera kwa ife ukwati watha."

"Ukwati wa mtundu umenewu ukatha n'kulira?"

"Amama."

"Chabwino. Dzina lake sinditchula. Tiye."

Anamusiya pamabulugamu paja n'kukwera yekha. Pakhonde panali anthu khumi ndi angapo, ena atafunda mabulangete. A Msukwa anali pabenchi pawo, mdala wamtali, woongoka ngati mlongoti, timabuku atatimanga ndi mphira.

"Mwaghona, asewere!" a Msukwa anamulonjera mokondwa, poti makolo a mwamuna ndi a mkazi amacheza momasuka. "Mwatiyendera? Kabuku kali kuti?"

"Tsiku langa silinakwane. Ndili ndi mawu ndi adokotala."

Sanadikire yankho. Anakankha chitseko n'kulowa.

Adokotalawo anali a Rodwell Chimbalanga, ochokera ku Thyolo, amene anali asanathe chaka kumapiriko ndipo ankavala juzi ziwiri ngakhale masana. Nakayange anaika botolo ndi kabuku patebulo.

"Dzazani."

A Chimbalanga anatsegula kabuku, n'kutsegulanso buku lawo lalikulu. "Tina Silungwe. Uyu tinamulemba kuti anathawa mankhwala."

"Anathawa? Fufutani zimenezo. Mwana wayenda kawiri kuchokera kuseri kwa phiri, inu muli pampando, ndiye mulembe kuti anathawa? Mwamutsekera khomo ndinu."

Anawafotokozera za apongozi aja. A Chimbalanga anamvetsera, kenako kamseko kanawapulumuka. "Pepani mayi. Kwathunso mkamwini ndi apongozi amazembana, koma osati mpaka kuchipatala."

"Mukuseka chiyani? Ine ndaika maliro awiri ndi matenda amenewa. Inu mwaika angati?"

Kamseko kanazima. "Pepani. Sindinadziwe, ndipo palibe anandiuza. Koma mankhwalawa sindingakupatsireni inu. Sitipereka osayeza. Ngati kachilombo kalowa m'masabata asanuwa, mapiritsi awa paokha sangakagonjetse, angokalimbitsa mutu. Ndiyenera kumubaya chala mwiniwake."

"Ndinamva kuti kuli mankhwala otsekera kachilombo kunja, oti sikalowa n'komwe. Mpatseni amenewo."

"Alipo, mayi, kumaiko ena. Kachilombo kakafuna kulowa m'maselo a m'magazi kamayamba kagwira pakhomo pake, ndiye mankhwalawo amatseka pogwira pamenepo. Koma amapatsa anthu amene ali nako kale, amene mankhwala ena onse awakana, ndipo ine chiyambire ntchito sindinawagwirepo m'manja. Athuwa amadikirira mkati. Kachilombo kakafika amakaletsa kuswana, n'kutha kasanakhazikike. Koma amadikirira munthu amene akumwa."

"Kaya pakhomo kaya mkati, ine ndikufuna mwana wanga asafanane nane. Ndipo akuyamwitsa."

"N'chifukwa chake ayenera kulowa lero. Kachilombo kongolowa kumene kamathamangira kumkaka." A Chimbalanga anaganiza pang'ono. "Tichite chonchi. Ndiwatume a Msukwa akatenge makatoni kusitolo, iye alowe mwamsanga."

"Nanga ulendo wina? Makatoninso? Inu a boma mumabwera n'kupita ngati nkhungu ya ku Mughese. Akakusamutsani ndidzayambirenso kufotokozera wina, nayenso andiseke? Ndipo mdala uja akabwerako msanga ndi makatoni anuwo n'kukumana naye pachitseko, mwana ameneyo simudzamuonanso kuno mpaka adzabwere pamachira."

"Koma za m'banja la eni ine sindingawauze. Ntchito yanga siyilola."

"Sindinakutumeni."

Anatenga botolo lake n'kutuluka.

"Asewere, tiyeni kuseri."

A Msukwa anaona nkhope yake, nthabwala zonse zinathera pakhosi. Anasiya timabuku pabenchi n'kumutsatira mpaka pathanki ya madzi, anthu apamzere akusuzumira.

"Pali munthu ayenera kulowa pakhomo lija," anatero Nakayange, "koma inu mwakhalapo ngati chitsa."

"Ine? Sindinabwezepo munthu ine. Ndani ameneyo?"

"Mpongozi wanu."

Mdalayo anaphethira kawiri. "M'chipinda chimenechi? Tina?" Anapukusa mutu pang'onopang'ono, mawu n'kuuma. "Hmm. Ndiye kuti zinali zoona zimene ankanena alongo anga. Ndinawakanira ine, ndinati matenda a makolo sagwira mwana aliyense. Asewere, munatipatsa mwana mukudziwa? Nanga mwana wanga akudziwa zimenezi?"

Magazi anamukwera Nakayange mpaka m'makutu. Dzina la Trust linafika pa nsonga ya lilime, lotentha ngati khala. Akanalilavula pompo, mokweza, apamzere onse amve, amve ndi a kumsika omwe. Anakukuta mano, nalimeza. M'malo mwake anagwira dzanja la mdalayo n'kuikamo botolo mwamphamvu.

"Mwakhala pakhomo paja chiyambire Meyi. Mabotolo otuluka m'menemo mumawaona tsiku ndi tsiku. Liyang'aneni ili."

A Msukwa analitalikitsa kumaso, analitembenuza, anawerenga ndi milomo.

"Ili si la odwala."

"Ayi."

"Ili amapatsa amene alibe. Amene mnzawo wa m'nyumba ndiye..."

A Msukwa anakhala pansi pa simenti ya thanki ngati wina wawatchera mwendo. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Madzi ankadontha pampopi, dontho, dontho, iwo maso ali pabotolo.

"Ine sindinatchule dzina la munthu," anatero Nakayange.

"Chiyambire liti?"

"Kafunseni mwiniwake. Ine ndabwerera za wanga. Masabata asanu alibe mankhwala chifukwa cha chipewa chanucho. Ngati kalowa, kalowa ndi kwa mdzukulu wanu yemwe, kudzera kubere."

"Mulungu wanga." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ndimaona mayi wina ataima pamabulugamu, ndimati akudikira galimoto. Pepani ndi mawu ndinalankhula aja, asewere."

"Pepani wanu sungani. Sateteza munthu."

"Ndiye nditani? Ndisiye ntchito? Mwambo sindinaupange ine. Akadutsa pamaso panga anthu onsewa akuona, mawa dera lonse likhala likunena kuti mwana wa Nakayange sanalangizidwe. Manyazi adzakhala ake, osati anga. Ndipo mwiniwake sangalole, mukumudziwa."

"Ine za mwambo musandiphunzitse. Ndinathawa apongozi anga zaka khumi ndi zitatu, minga ya patchire ina ikanali m'mapazi muno. Koma apongozi angawo anali munthu. Akandiona pa kanjira ka m'phiri ndasenza khofi, mwana kumsana, sankadikira kuti ndigwere kuphompho powathawa. Ankakhosomola, n'kupatuka iwowo, n'kuyang'ana kumtunda mpaka ndidutse. Palibe ananena kuti ndachita mwano. Wosenza katundu sapatuka, amapatuka ndi wa manja opanda kanthu. Mwana uja wasenza, asewere. Wasenza mdzukulu wanu, wasenza ndi katundu wina amene mwamuwerenga nokha pabotolopo. Patukani."

A Msukwa anayang'ananso botolo lija. Nakayange anaima pomwepo, manja m'chiuno, wokonzeka kuwanyamula ndi benchi lawo lomwe ngati akana.

"Ali kuti?"

"Pamabulugamu pomwe paja."

Mdalayo anadzuka, anamubwezera botolo, napita pakhonde. Anatenga mtolo wa timabuku n'kukaupereka kwa a Chimbalanga, kenako anaima kutsogolo kwa mzere n'kukhosomola kawiri, mokweza, kukhosomola kwa dala.

"Akubwera mpongozi wanga ndi mwana. Ine ndikupatuka. Mumulole alowe kaye, wachokera kutali."

"Ehe, a Msukwa, lero mwathamangitsidwa pa ofesi!" anafuula mayi wina wa bulangete lofiira. "Tsiku lonse mumatilamula ife, kodi nanunso muli ndi okuopsani?"

"Khalani chete inu Namwila, mwana wanu wamwamuna akadzakwatira tidzaona amuna anu kothawira," anayankha wina, anthu n'kuseka.

A Msukwa sanaseke nawo. Anayenda mpaka kumpanda wa maluwa kuseri kwa thanki, anatembenukira kuphiri, chipewa m'manja, n'kuima njo.

Nakayange anatsikira pang'ono n'kukupiza chitenje m'mwamba. Pamabulugamu sipanagwedezeke kanthu. Anakupizanso. Kenako Tina anatulukira, atafunda chitenje mpaka pamphumi, akuyenda ngati akuponda mazira. Atafika poti msana wa apongozi ake ukuoneka, anaima. Khanda linayamba kulira.

"Yenda iwe!" anakalipa Nakayange. "Msana ulibe maso. Apatuka okha, onse awa ndi mboni."

"Dutsa mwanawe, mwambo wakwana," anatero mayi wa bulangete lofiira uja, tsopano mofatsa.

Tina anaweramitsa mutu, anapinda mawondo pang'ono molunjika kumpanda kuja, n'kudutsa. Nakayange anamukankhira m'chipinda natseka chitseko ndi chidendene.

A Chimbalanga anamufunsa Tina ngati anamvapo kutentha thupi, zilonda zapakhosi kapena totupa pakhungu m'masabata apitawo. Iye anakana zonse. Anamupukuta chala, anamubaya, nadonthetsera magazi pa kachipangizo koyezera.

"Mphindi khumi ndi zisanu," anatero.

Nakayange anamasula khanda kumsana kwa mayi wake n'kulinyamula yekha. Bessie, dzina lake. Kanali kolemera, kamasaya, kofanana ndi mwana uja anamuika m'manda kuseri kwa nthochi zaka makumi awiri zapitazo. Nthawi imeneyo kunalibe chomwa, kunalibe choyezera pafupi, munthu unkangoona mwana akufota m'manja. Lero mankhwala ali m'kabati umo, aulere, mikono iwiri kuchokera pamene wakhala, ndiye mwana wake atenge matenda chifukwa cha ulemu? Anapenyetsetsa kachipangizo kaja ngati akufuna kukaopseza. Tina maso anali padenga, milomo ikuyenda.

Mzere woyamba unatuluka. Nakayange anadikira wachiwiri. A Chimbalanga anayang'ana wotchi, anadikiranso, anayang'ananso.

"Mzere umodzi. Alibe."

Tina anagwira kumaso ndi manja onse awiri.

"Koma musavine kaye," anapitiriza a Chimbalanga. "Kachilombo kolowa posachedwa kamatha kubisala osaoneka. Ndikupatsani a mwezi umodzi, ukatha mubwere tidzayezenso. Komanso mapiritsiwa amatenga masiku asanu ndi awiri kuti ayambe kuteteza bwino. Amuna anu akabwera, kondomu. Akakana, agone pamphasa."

"Agone ndi mbuzi," anatero Nakayange.

Tina anaseka misozi ili m'masaya. A Chimbalanga anatsegula buku lalikulu lija, anakhwatcha mawu oti anathawa, Nakayange akuona, kenako anatulutsa botolo latsopano. Tina anati alimange pa chitenje.

"Ukumanga chiyani? Meza limodzi pompano, ndikuona."

"Amama, ndimamwa madzulo."

"Kuyambira lero umamwa m'mawa. Adokotala, madzi."

Tina anameza.

Atatuluka anapeza dzuwa lakwera, nkhungu yathawa m'zigwa. A Msukwa anali chiimire pomwe paja, thukuta likutsika m'khosi, nkhope kuphiri. Tina anakokera chitenje kumaso n'kudutsa mwamsanga. Atangotsika masitepe, mawu a mdalayo anamveka, akulankhula ndi phirilo.

"Asewere! Zayenda bwanji?"

"Umodzi."

Mapewa a mdalayo anatsika. Anakhosomola. "Tandifunsireni kwa amene akudziwa. Abweranso tsiku liti?"

Tina ananong'oneza amayi ake kukhutu.

"Pa 14 Ogasiti!" anafuula Nakayange.

"Ndamva. Tsiku limenelo ndidzakhala kuno kumpanda kuyambira m'mawa, asadzaime pamabulugamu. Ndi masiku ena onse azidzanditumizira mawu. Ndipo mukamuuze wa njinga uja kuti akabwera Loweruka, asanatsitse katundu, ayambe wafika kwa ine."

Zala za Tina zinakanikiza mkono wa amayi ake mpaka kupweteka. Nakayange sanamuyang'ane.

"Mukamuuze nokha, asewere, ndi mwana wanu. Ine ndili ndi wanga."

Anakonza khanda kumsana kwake, anamanga chitenje mfundo ziwiri, n'kumukankha Tina kuti atsogole.